Alendo a M'mimba Mwanga

Milungu isanu ndi umodzi matumbo anga ankanyeka
ngati dzala la ku Mbare losamva mvula.
Ndinaloweza zimbudzi zonse
kuchokera ku Mufakose mpaka ku Copacabana:
cholipira, chokhoma, chopanda madzi.
Lamba ndinamuboola kawiri ndi msomali.

Ku Gomo anandipatsa mankhwala olusa.
Anapha akuba, inde,
koma anaphera limodzi alonda ndi alimi.
Dokotala wake, mtsikana wa magalasi, anati:
"Sekuru, dimba lanu lapsa.
Mankhwala musasiye, koma tibzalemonso."

Mabiliyoni khumi m'kapisozi kamodzi,
akutero malembo a pa botolo.
Ndinaseka mpaka m'mimba munapota.
Mabiliyoni ndinawagwirapo ine mumzinda muno,
osakwana ndi buledi yemwe.
Koma awa akuti ngamoyo.
Akuti amaopa kutentha.
Magetsi akathima, Nasimango amakulunga botolo m'kansalu konyowa
n'kuliika pa simenti kuseri kwa chitseko,
kumalisuzumira ngati khanda la mwini.

M'mawa ndimameza mmodzi ndi madzi owiritsa,
masana kapu ya chambiko,
amene anansi amati mukaka wakakora.
Ndikameza ndimakumbuka bambo anga a Lipenga
akutsika sitima ndi kabulangete kamodzi,
osadziwa chinenero, osadziwa msewu,
kudzasesa mzinda wa eni usiku
kuti eniwo adzuke poyera.
Kodi inunso, tizilombo tabwino,
mwafika choncho mumdima wanga?
Akukutchani maina kumeneko?

Sabata yoyamba, palibe.
Mphepo yokhayokha, mabingu opanda mvula,
mpaka mdzukulu wanga Tadala anasamutsa mpando.
Sabata yachiwiri ndinagona mpaka tambala.
Ndinadzuka ndi mantha,
poti bata ndinali nditaliiwala.
Yachitatu ndinaba tsabola,
ndipo ndinalipira masiku awiri.
Bala silithamangitsidwa.

Zaka makumi atatu ndasamala kapinga wa anthu ku Avondale.
Ndikudziwa: nthaka yotopa siimva kukalipa.
Umathira manyowa, umadikira nyongolotsi,
sudziwa tsiku lomwe zabwerera.

Lero majakaranda agwetsa maluwa mumsewu.
Ndakwera kombi, ndakhala mpando wakumbuyo,
kutali ndi khomo,
osawerenga masiteji.
Kondakitala akukuwa kuti tipanikizane anayianayi.
Ndagwira pamimba, ndamwetulira ndekha.
Mnyamata iwe, ukanadziwa
kuti ndalipira mtengo wa munthu mmodzi.