Sitata Yachitatu

Lachiwiri mbandakucha ku Colchani,
chisanu chitamata magalasi,
ndinapotoza kiyi.
Tiki.
Ndinapotozanso.
Kubuula kwa nkhalamba yokana kudzuka,
kenaka zii.

Matumba a mchere makumi asanu ndi atatu pamsana pa lole,
wogula akudikira ku Oruro,
ine kukamwa yasa, mpweya ukufuka ngati utsi.

Chimwalirire bambo, iyi inali sitata yachitatu.
Yoyamba ndinati yakalamba, ikapume.
Yachiwiri a Zenón Ayaviri anaimasula pabenchi pawo ku Uyuni,
nainunkhiza, nakwinya mphuno:
yapsa, mwanangu, zitsulo za masiku ano n'zachabechabe.
Ndinalipira.
Kuti ndigule yachitatu ndinagulitsa llama ziwiri,
ina ili ndi bere.

Mlamu wanga Teodosio anati vuto ndi batire.
Batire ndagula mwezi wathawu, ndinamuyankha.
Amayi anati loleyo ikulira mwini wake,
sizolowera dzanja la mkazi.
Amayi sindinawayankhe.
Ndinayala thumba pansi, n'kulowa chagada kunsi kwa injini.
Atatu safa imfa yofanana pakhomo limodzi
popanda chowadya.

Ndinaunika ndi tochi pabowo,
kuwerenga mano a gudumu lalikulu lija sitata imaluma.
Onse alipo, ngakhale achikasu ngati a bambo.
Paipi ya utsi ili patali, chikhatho ndi theka,
si iyo ikuwotcha.
Nthambo yofiira ndinaitsata ndi zala
kuchokera ku batire mpaka ku nati yake:
yolimba, youma, yosalakwa.
Msana unachita dzanzi. Dzuwa linafika pamatayala.

Nélida, ndinaitana, siya kope la sukulu,
kwera, ukamva ndakuwa upotoze.

Anapotoza.
Chigongono changa chinakhudza kawaya ka mafuta,
kaja kochoka kuphazi la woyendetsa,
ndipo kananditentha ngati chikuni.
Ndinatukwana. Mwana anaseka m'mwambamo.
Koma ine ndinagona duu, kuyang'ana chilondacho.
Kawaya aka si ka moto. Katenthedwa ndi chiyani?

Moto ukapita umafuna pobwerera.
Msewu wake ukatsekeka
umadzera m'tinjira ta mbewa,
ndipo sitata imakoka ndi njala,
imakoka, imakoka, mpaka kupsa mtima kwenikweni.

Nthambo yakuda, yochoka pa injini kukagwira chitsulo cha pansi,
inali apo ndithu masiku onsewa,
yosalala kunja ngati munthu waulemu.
Chakumapeto kwake kunali tepi yakale.
Ndinaidziwa.
Inakulungidwa mobwerera, cha kumanzere,
bambo anali amanzere.
Ndinazengereza pang'ono, ndisanalowetse mpeni.

Mkati munali ufa wobiriwira.
Unandithothokera m'maso, mkamwa.
Mwa timawaya tonse tija, titatu tokha ndi tomwe tinatsala,
tikusenza katundu wa anzake mazana.
Ndinalawa pamlomo: mchere.
Womwewu umatilipirira sukulu,
womwewu unamanga makoma a nyumba yathu,
wakhala ukudya mwakachetechete zaka makumi atatu
pansi pa tepi ya bambo.

Teodosio anadula mkono umodzi wa nthambo yake yowotcherera zitsulo,
akung'ung'udza kuti ndidzabweza.
Ndinapala dzimbiri mpaka chitsulo chinawala ngati ndalama,
ndinamanga bawuti, ndinapaka girizi wambiri,
wochuluka kuposa wofunika.

Nélida, potoza!

Sinabuule. Sinaganize n'komwe.
Inangoti vuuu, dizilo wakuda kumwamba,
agalu a aneba balala.
Yachitatu ija inali isanafe, inali itakomoka chabe.

Ku Oruro ndinafika usiku, wogula atadula mtengo.
Llama zija sizibwerera.
A Zenón ndidzawauza ndikadzapeza mawu osapweteka kwambiri,
kapena sindidzawauza.
Nthambo yakaleyo sindinataye.
Ili kuseli kwa mpando, m'thumba la pulasitiki,
ndi tepi yake yokulungidwa cha kumanzere,
ndipo pamsewu wa mabampu ndimaimva ikugogoda.