Maloko Awiri ku Utrecht

Sietske wapaka njinga yake yamagetsi utoto wonyansa,
wobiriwira ngati ndere za mungalande,
kuti wakuba akaiona alavule malovu.

Loko woyamba amaluma tayala lakumbuyo.
Wachiwiri ndi unyolo wolemera kuposa chikwama chake,
wokumbatira chitsulo cha pamlatho.
Batire amalizula
n'kukwera nalo masitepe makumi anayi
atalifungatira ngati khanda lodwala.

Imeneyi ndi yachinayi.
Yachitatu anapezapo tayala lokha,
likumudikirabe mokhulupirika pamzati wa magetsi.

Usiku mvula ikamawaza
amasuzumira pazenera:
ikadalipo, yonyowa, yosaoneka bwino,
koma yake.

M'bandakucha ali kuchipatala, akupima odwala,
m'thumba la yunifolomu timakiyi tiwiri
tikulira chamumtima.