Kanyali Kachikasu

Kabweranso kanyali kaja, kachikasu,
kali tong'oo kuseri kwa chiwongolero
ngati diso la mphaka mumdima.
Kachinayi tsopano mayi Eteri aima pakhomo la garaja,
makiyi kumanja, mvula ya ku Kutaisi ikuchucha pachipewa.
Moni palibe. Angoloza ndi chibwano.

Ulendo woyamba ndidakhulupirira kompyuta.
Idati sensa ya mpweya yafa, ine ndidagula ina.
Galimoto idayenda sabata yathunthu,
kenako zii! pakati pa mlatho wa Rioni,
madengu asanu a tchizi ali kumbuyo, msika ukudikira.
Kachiwiri idaneneza ya pa kirankishafiti,
kachitatu ya pa paipi ya utsi.
Zitatu ndidazula zosalakwa;
zili m'chitini cha khofi pa shelefu apo, zikundiyang'ana.

Kompyuta sinama, Nugzar, ndikudziuza ndekha,
imangobwereza zomwe yamva.
Mboni yonamizidwa imalumbira ndi mtima woyera.

Lero ndafunsa munthu: kodi imazima liti?
"Kukagwa mvula. Ndiponso pamsewu wamiyala wotsikira kumsika.
Kukacha bwino imadumpha ngati kamwana ka mbuzi."
Miyezi iwiri ndakhala ndikufunsa makina,
mwini wake ali chiimire pomwepo.

Ndatsekula boneti, injini ndaisiya ikulira.
Ndatenga botolo lomwe mkazi wanga amapopera maluwa,
ndanyowetsa mawaya mtolo ndi mtolo.
Palibe.
Ndagwedeza pulagi iliyonse ngati dzino lofuna kuguluka,
ndazula mafyuzi, ndawaunika padzuwa lomwe kulibe.
Singano ya mita ili nji, osaphethira.
Nkhomaliro yadutsa,
Gocha watseka kale shopu yake ya matayala,
zala zanga zachita dzanzi.

Ndiye kunsi kwa batire,
komwe dzanja limalowa chammbali likusupuka khungu,
ndakhudza kanthu kofewa.
Injini yatsokomola.
Ndasiya, yachira.
Ndakhudzanso, yatsamwa, kanyali phethiphethi.
Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo uyu wanditsina.

Tochi kukamwa, ndasenda chikopa cha mtolo.
Tepi yabuluu, yakalekale,
yokulungidwa mwaulemu, mzere pamwamba pa unzake.
M'kati mwake waya wakuda wobweza moto ku chitsulo,
chitsime chimodzi chomwe masensa onse amamwapo.
Mkuwa wabiriwira ngati ndere,
tiulusi titatu tokha ndito tagwira moyo.
Pambali pake wina adapotapo kawaya kopita ku wayilesi,
ndi zala chabe, osawotcherera.

"Ameneyo ndi Shalva,"
atero mayi Eteri, akusuzumira paphewa langa.
"Ankafuna kumva mpira popita ku Zestafoni.
Adagwira Lamulungu lathunthu,
nadzitama mwezi wonse."
Zaka zisanu ndi ziwiri chimuikire m'manda,
dzanja lake likadali muno,
likugwedeza injini mvula ikagwa.

Ndadula chowolacho, ndapala chitsulo mpaka mbee,
ndawotcherera waya watsopano, utsi wa mtovu ukundilowa m'maso.
Ndafufuta milandu yonse m'kompyuta.
Kiyi. Injini yadzuka osadandaula.
Ndathira madzi, ndagwedeza mwankhanza,
kanyali kali gone.

Ndati ndalama za masensa atatu aja ndibweza.
Sanayankhe. Awerama,
atola katepi kabuluu pansi pamafuta,
akapukuta pa siketi, akaika m'kachikwama ka ndalama.
"Nanga wayilesi iziyimbabe?"
Iziyimba, mayi. Ndaipatsa njira yakeyake.

Asiya tchizi chimodzi pamwamba pa bokosi la masipanala.
Ndaima pakhomo, ndikumvetsera galimoto ikutsika pamiyala,
giya yachiwiri, yachitatu, mpaka phokoso lasungunuka mumvula.
Sindinakhulupirirebe.
Matenda otere sanena kuti ndapita;
umangowerenga masiku amvula
omwe munthu sanabwere.