Denga Silinatseguke

Dokotala Vidaurre anadikira zaka ziwiri
kuti apatsidwe mausiku atatu okha
pa phiri lino la ku Atacama,
kumene mpweya ndi wopyapyala ngati khungu la anyezi
ndipo milomo imang'ambika usanapereke moni.

Ine ndine Casilda, wotsegula denga.
Ndikadina batani, chitsulo cholemera kuposa tchalitchi
chimatembenuka osalira n'komwe,
kalilole wa telesikopu n'kuyang'ana kumwamba
ngati dziwe limene mwana sanaponyemo mwala.

Usiku woyamba mphepo inakalipa.
Wachiwiri, waya wina anafa ndi chisanu;
tinamusaka ndi tochi yofiira mpaka kunja kutayera.

Anandionetsa pa kompyuta chimene ankafuna:
kadontho kotuwa, koti ukaphethira kakusowa.
"Kuwala kwake kunanyamuka dziko lino lisanaumbidwe," anatero,
"ndipo kukafika pano
kumafuna kupeza munthu ali maso."

Usiku wachitatu ndinayang'ana nambala ya chinyezi.
Sikisite. Sevente.
Lamulo silimva chisoni:
ikafika eyite, denga lisatseguke.
Mtambo unakwera kuchokera ku Bolivia,
wakuda bii, wosafunsa njira,
n'kukhala pamutu pathu ngati mwini malo.

Foni inalira m'thumba mwanga.
Amayi, kumudzi ku Socaire, akuseka mpaka kutsamwa:
"Tamvera, mwana iwe, tamvera!"
Anakweza foni kumalata.
Ndinamva mvula
imene mbatata zawo zinaiwala kale fungo lake.

Chimwemwe ndinachibisa m'kamwa ngati nyemba yotentha,
osameza, osalavula.

Dokotala anatuluka wopanda chipewa.
Ndinamuona pazenera, madontho akumumenya padazi,
nkhope ili kumwamba ndithu,
kumene kuwala kokalamba kuja,
kutayenda ulendo wonsewo osapunthwa,
kunali kuthera pamsana pa mtambo,
mtunda woti galimoto sitentha n'komwe injini.

Atabwerera ndinamuthirira khofi.
Anapukuta magalasi ndi malaya onyowa,
akungoonjezera chifunga,
nati, "Ndidzalembanso kalata yopempha.
Kadikira kale zaka zonsezi; ziwiri n'chiyani?"

Tinakhala chete. Makina oziziritsa kamera
ankapuma okha kuseri kwa khoma.
Denga linkalira ngati ng'oma yaing'ono,
liwu limene m'zaka zanga zisanu ndi zinayi pano
ndinali ndisanalimvepo.

Kenaka anafunsa, maso ali m'kapu:
"Amayi anu aja,
chaka chino anadzala chiyani?"