Tsamba 212

Lachinayi ku Duluth, chisanu chikuluma makutu,
chipale chofewa chafika pa zenera la shopu ya Renwick.
Kuseri kwa mashelefu kuli tebulo lathu la mwendo umodzi waufupi,
tinauchirikiza ndi katoni ya pitsa chaka chomwe banja la Thorvald linatha.
Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala kumutu kwa tebuloli.
Mvula ya m'dziko lathu ndine, mlonda wa pachipata ndine,
liwu la chinjoka ndi la mayi wogulitsa mchere, ndine ndemwe.
Koma dzikolo sindinalenge ine.
Dzina la mwini wake lili pachikuto, m'zilembo zagolide:
Calloway Prewitt.

Lolemba, cha m'ma thu koloko usiku,
mtsikana wina wa ku Tucson anamufunsa pa tsamba la mchezo
ngati ngwazi yoyenda pa chikuku ingalowe m'phanga la mafumu akufa.
Funso lopanda minga.
Mkuluyo anayankha ndi chithunzi cha masitepe
ndi tinkhope titatu toseka.
Atamudzudzula anasonkhezera moto:
"Amene dziko langa likukuwawani, kalengeni lanu."
Anatsekera kunja aliyense womuyankha, mmodzimmodzi, mpaka kunacha.
Lachitatu kunabwera chipepeso cha mizere inayi
choyamba ndi mawu oti "ngati".
Zolemba zija anafufuta,
koma madzi akatayika saoleka, anthu anali atajambula kale.

Lero madayisi akadali m'thumba.
Thorvald waponya buku patebulo, phi!
"Madola sikisite ndinampatsa ameneyu.
Maola awiri ndili pamzere kuti andisainire, ndikumwetulira ngati chitsiru."
Akuti akaliponya m'ng'anjo.
Odalys akuti munthu ndi wina, buku ndi lina,
zithunzi zam'menemo anajambula ndi anthu khumi ndi awiri
omwe lendi yawo ili m'masamba omwewa.
Renwick ali zii. Ali ndi makope makumi anayi osagulidwa,
akuwerengera chamumtima.
Foni yanga ikunjenjemera osaleka,
kunjako akulumana, ena akuti mtayeni, ena akuti mwayamba kusaka mfiti.

Tonse tikupewa kuyang'ana kumanzere
komwe Marit wakhala duu,
matayala a chikuku chake akudonthetsa madzi pakapeti.
Thabwa lokwerera pakhomo paja tinakhoma tokha,
Thorvald anatayirapo chikhadabo.

"Mwatha?" watifunsa.
"Ngwazi yanga munaisiya pamlatho sabata yatha,
muvi uli paphewa. Ikuzizidwatu."

Wakoka buku la Thorvald, losainidwa lija,
watsegula tsamba 212, pa malamulo a kayendedwe,
wanyambita pensulo, walemba m'mphepete:
Matayala. Pamalo osalala, liwiro ngati la aliyense.
Potsetsereka, hatchi imatsala.
Masitepe?
Apa wakweza mutu, wandiyang'ana ndwii.
"Mafumuwo anaikidwa m'mabokosi amiyala.
Mabokosiwo analowa bwanji m'phangamo?
Anawasenza pamasitepe?
Njira yotsetsereka ilipo. Mwini buku anangoiwala kuijambula."

Ndatenga mapu, ndafufuta khoma limodzi.

Thorvald wamata selotepi yakuda pa zilembo zagolide,
koma mchira wa chilembo chomaliza ukusuzumirabe.
Odalys akuti buku lotsatira sagula. Kenako akuti aona.
Ine ndili ndi changa chondisautsa:
mayi wogulitsa mchere wa pa tsamba 90,
amene amasungira mpando mwana wake yemwe anamira,
anandiliza usiku womwe ndinamuwerenga koyamba.
Dzanja lomwe linamulemba
ndi lomwelo linasankha tinkhope toseka tija.
Ndalitembenuza m'mutu masiku atatu, silikugawika.

Kunja galimoto yokankha chipale yadutsa, mazenera anjenjemera.
Marit wapukusa dayisi ya mbali makumi awiri m'manja onse,
waiuzira mpweya monga amachitira,
waiponya.
Yagubuduka, yagunda kapu ya Renwick,
yaima.

Folo.

Watukwana m'chinenero cha agogo ake a ku Tromsø.
Ndatsitsa liwu, ndakhala mphepo ya pamlatho,
ndamuuza kuti thabwa lachitatu lathyoka.