Katoni ya Pansi pa Injini

M'mawa uliwonse, ndisanatsuke m'kamwa,
ndinkagwada pafumbi la ku Ulongwe
n'kusolola katoni yomwe ndinkaigoneka pansi pa injini.
Lolemba kadontho kanali ngati diso la nkhunda.
Lachisanu kanakula ngati chivindikiro cha botolo.
Pofika nyengo yokumba kachewere
linali banga loti chikhatho changa sichikanaphimba.

Ine ndinkangothira oyilo.
Lita ku Domwe, theka pa mphambano ya Mussacama.
"Galimoto ikakalamba imatuluka thukuta,"
ndinkamuuza Felizimina.
Iye ankangoyang'ana malaya anga ali m'beseni, osayankha.

Mestre Kalisito sanagwire sipanala tsiku loyamba.
Anati, tsuka.
Ndinatsuka ndi palafini ndi mswachi wakutha
mpaka manambala anaoneka pachitsulo.
Anati, kwanu kuli khanda? Katenge paudala wake.
Anawaza injini yonse, inayera mbuu ngati munthu wa kuchigayo,
tinailiza, tinakhala pa tayala kudikira.
Kenaka kamzere kakuda kanayamba kukwawa m'zoyerazo,
osati pa chivundikiro chapamwamba
pomwe ndinkapempha Mulungu kuti pakhale,
koma m'munsi, chakumbuyo, pakona
pomwe mutu umagonera pa thupi.

"Junta," anatero. "Anzathu a ku Dedza amati gasiketi.
Uitchule m'mene ungafunire, mtengo wake ndi womwewo."
Anasolola kandodo koyezera, n'kukapenya padzuwa:
oyilo sanasanduke tiyi wamkaka, madzi anali asanalowerere.
"Wachedwa, mphwanga. Koma si maliro."

Mabawuti khumi tinawabaya pa katoni ina motsatana
kuti lililonse lidzakumbuke kwawo.
Mutu tinaugoneka chagada pathebulo,
rula yachitsulo pamwamba pake,
ndipo kuwala kunadutsa pansi pa rulayo,
kochepa ngati tsitsi limodzi.
Wapindika.
Sanandifunse, koma ndinaulula ndekha
za tsiku lija singano inafika pofiira
ine n'kupondabe moto pachitunda
poopa kuti matumba a eni angandiolere m'manja.

Usiku Felizimina anamasula mfundo ya chitenje.
Zinali ndalama za nkhumba yake,
zomwe tinagwirizana kuti ndi za malata.
Anaziika patebulo, n'kukagona moyang'ana khoma.

Mutuwo ndinaukulunga m'thumba la feteleza,
ndinaufungatira m'chapa ngati mwana wodwala,
kondakitala akulimbikira kuti nawonso ulipire mpando.
Tinatsika mapiri, juzi ndinaivulira ku Moatize,
tinaoloka Zambezi dzuwa lili paliwombo,
ndipo ku Tete makina anaupala pang'onopang'ono
mpaka ndinaona nkhope yanga pachitsulo,
yotopa, ndevu zosameta.

Pomanga, Mestre anandimenya dzanja.
"Usayambe m'mphepete. Yamba pakati,
uwoloke, ubwerere, uzituluka pang'onopang'ono.
Ndipo usamalize bawuti limodzi kamodzin'kamodzi.
Onse alawe pang'ono, kenaka uwazungulirenso."
Gasiketi yatsopano inali yopyapyala ngati chikuto cha kope.
Ndinaigwira ndi zala ziwiri, ndikudabwa
kuti zitsulo ziwiri zolemera chonchi, zopalidwa bwino chonchi,
sizingagwirane zokha popanda kanthu aka pakati.
Sipanala inati tha. Tinapita pa lina. Tha.

Lero ndi m'mawa wachisanu ndi chinayi.
Ndagwadanso, mawondo azolowera.
Katoni yatuluka youma, kupatula nyerere ziwiri
ndi mame m'mphepete.
Mvula ya usiku yadonthera pa bedi mbali ya Felizimina,
tasuntha bedi, taika beseni lija.
Iye waima pakhomo, khanda kumsana,
akundifunsa ndi nsidze zokha.
Ndamuonetsa katoni, mbali zonse ziwiri.
Wailandira, waipenda padzuwa monga anachitira Mestre,
n'kunena kuti paudala wa mwana watha,
ndikagule pobwera.