Basi Yochokera ku Potosí

Zinayi kwa duu.
Ng'oma ya Wilber yagona pansi pa mpando,
palibe waigunda chinyamukireni.
Mphepo ya m'mapiri ikulowera pa windo losweka,
tonse tafunda mbendera zathu,
ntchito yokhayo imene zagwira bwino lero.

"Achoke," wayamba Nicanor,
tsaya litatupa ndi masamba a koka.
"Masewero asanu ndi awiri, chigoli chimodzi,
chomwechonso adani anadzimwetsa okha.
Ku mgodi kwathu kapitawo wotere
dzuwa silimulowera ali pa ntchito."

Mai Casilda, amene agulitsa soseji pa geti la kumpoto
kuyambira tonsefe tili m'makabudula,
sanatembenuke n'komwe.
"Wa chaka chatha munam'perekeza ndi miyala.
Winayo munam'phwetsera matayala.
Zipewa mwasintha zingati?
Mutu wa nsabwe ndi womwewo."

"Amasankha osewera ndani?"
"Amawalipira ndani? Miyezi itatu, Nicanor.
Goloboyi wathu m'mawa amayendetsa takisi."
"N'chifukwa chake amangolowetsa aliyense!"
Kumbuyo afa nalo phwete,
kuseka koyamba usiku uno,
ndipo kwatha msanga.

Teófilo akuwerengera pa zala:
tikapambana atatu, apo ajawo akagonja awiri,
apo mvula, apo oyimbira wachifundo...
zala zam'thera.
Kamwana kake, tulo tili m'maso, kafunsa,
"Akam'chotsa azikadya kuti?"
Palibe wayankha. Wina watsokomola.

Ndiye tavota, ngati kuti alipo anatifunsa.
Khumi ndi asanu ndi anayi: achoke.
Khumi ndi asanu ndi awiri: akhale.
Ine dzanja ndakweza mochedwa,
andiwerenga mbali zonse.
Dalaivala wakana, akuti mtima wake uli ndi timu ina.

Tisanafike Challapata, mabuleki kwii!
M'kuwala kwa nyali zathu mwaima basi ina,
yobiriwira, chizindikiro chathu pambali, theka chitafufutika.
Anyamata athu ali ndandanda m'mbali mwa msewu,
manja m'khwapa, mano gwedegwede,
ang'onoang'ono kuposa mmene amaonekera m'bwalo.
Pansi pa injini patulukira miyendo iwiri.
Miyendoyo yadzikoka pang'onopang'ono
mpaka yabweretsa mimba, phewa, imvi:
Belisario mwini wake,
oyilo mpaka m'zigongono, sipanala m'manja.

"Yakana," watero. "Muli ndi malo?"

Akwera mmodzimmodzi, kununkha mankhwala opaka ndi thukuta lozizira.
Manja khumi ndi asanu ndi anayi aja
alowa m'matumba.
Goloboyi wakhala pa ng'oma.
Mphunzitsi walowa pomaliza, waima pakati,
akufunafuna pogwira posadetsa mpando wa eni.
Mpata wotsala ndi umodzi.
Nicanor wauyang'ana, wayang'ana kudenga,
wasendera.

Makilomita khumi, zii.
Kenaka, mawu atatsika:
"Aphunzitsi, uja wa nambala naini..."
"Ndikudziwa."
"Ngakhale golo mutam'kulitsira ngati geti la mgodi..."
"Ndikudziwa. Muli naye wina?"
Nicanor wayang'ana mawondo ake,
aja amalira akamakwera masitepe a m'bwalo.
Watulutsa kathumba ka koka, wapereka.

Mai Casilda akugawa soseji zotsala,
ya nambala naini ayisankha yaikulu.
Sindikudziwa ngati n'chifundo kapena chipongwe.

Kunja mchere wa m'chigwa ukuyera ngati mwezi wagwa pansi.
Mutu wa imvi uja wayamba kuwezuka,
wapendama, wadzuka, wapendamanso,
watera pa phewa la Nicanor
ndi kusiya oyilo pa jezi yake ya chaka chimene tinatenga chikho.

Iye wandiyang'ana podutsa pa mpata wa mipando.
"Achokebe," wanong'ona.
"Lolemba lomweli."

Koma phewa lija sanalisunthe
mpaka magetsi a Oruro.